Galimoto yanga ili m'gulu la zomwe zingagwire moto, koma ndinaigula kwa munthu. Nditani?

Bambo a Tadala, Ulongwe

Zikomo abale ndi alongo nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo masiku anayi tsopano, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene munakumanapo ndi zotere.

Ndili ndi galimoto yaing'ono ya petulo, mwa zija zochokera ku Japan. Ndinaigula mu 2021 ku Tete kwa bambo wina wogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, iyenso anaigula kwa munthu amene anakaitenga pa doko la Beira. Ndiye kuti kwathu kuno ine ndine mwini wake wachitatu. Dzina la kampani yopanga sinditchula, chifukwa sindinabwere kudzaipitsa mbiri ya wina aliyense, ndikungofuna thandizo.

Galimotoyi ndiyo miyendo ya banja lathu lonse. Nthawi yokolola ndimapinda mpando wakumbuyo n'kunyamula matumba a kachewere kuchokera kumunda kwathu ku Dómuè. Mwezi ndi mwezi ndimatengera apongozi anga kuchipatala kukalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo matenda akagwa usiku, anansi amagogoda pakhomo panga. Imagona kuseri kwa nyumba, pansi pa kashedi ka malata komwe ndinalumikiza ku khoma. Zenera la chipinda chomwe mumagona ana anga atatu lili pamwamba penipeni pa boneti.

Lachisanu lapitali kunabwera mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira ku Tete. Anapempha livrete, chikalata cha kaundula wa galimoto, nakopera nambala ya chasisi, n'kuilemba pa tsamba la kampaniyo la ku Japan. Zonse zinali m'Chijapani koma foni yake inamasulira. Zomwe zinatuluka n'zakuti galimoto za mtundu wanga, zopangidwa m'miyezi yomwe yanga inapangidwa, kampani inaziitanitsa kalekale kuti zibwerere kugalaja, chija amati recall. Akuti paipi yopititsa petulo ku injini imang'aluka ikakalamba, petulo n'kumagwera pa zitsulo zotentha, ndipo moto ungabuke. M'munsi mwake munalembedwa kuti pa nambala yangayi ntchitoyo sinachitike.

Mtima unangoti myuu, chifukwa kuyambira nthawi yachisanu ndakhala ndikumva kafungo ka petulo m'mawa ndikaliza injini. Ndinkati mwina ndi uja wa m'mabotolo amene timathira kumudzi, poti nthawi zina amatayikira pambali. Usiku womwewo ndinatsegula boneti ndi tochi. Paipiyo ndinaipeza, yakuda, yonenepa ngati chala changa. Pokhotera pake pali timing'alu ting'onoting'ono ngati ta chidendene cha munthu m'mwezi wa Okutobala, ndipo fumbi la pamenepo ndi lonyowa pomwe pena ponse pali pouma. Ndinagwirapo n'kununkhiza chala. Petulo weniweni.

Lolemba ndinaimbira ogulitsa galimoto za kampaniyi ku Tete. Anandiyankha mwaulemu, koma anati galimotoyo sinadzere m'manja mwawo, mtundu umenewu sanaugulitsepo m'dziko muno, paipi yake alibe, afunse kaye kwa akuluakulu awo ku Maputo. Mpaka lero foni sinalire. Mnyamata amene amandikonzera kuno akuti ndisadandaule, adula kachidutswa ka paipi ina, amange ndi makalampu awiri, ndimupatse 500 meticais, basi. Mayi a Tadala akuti tingoigulitsa isanatiphere ana.

Kodi recall imagwira ntchito kwa munthu ngati ine, wogula kwa munthu mnzanga, kutali ndi dziko lomwe anaitanitsako galimotozo? Nanga zomwe akunena mnyamatayu zingandisunge? Ndipo podikira kuti ikonzedwe, ndingamayende nayo maulendo apafupi? Tsiku la apongozi kuchipatala ndi Lachinayi likubwerali.

Mestre Phiri, Moatize

Bambo a Tadala, ndiyambe ndi chomwe sichingadikire mawa. Mukamaliza kuwerenga, tulukani, muitane anthu awiri, muikankhe galimotoyo osailiza, ichoke pansi pa zenera la ana. Muiike pabwalo poyera, kutali ndi denga laudzu, nkhokwe ndi pophikira. Mukatero mumasule waya wa batire wa ku minus, uja wopita ku chitsulo cha galimoto, n'kuupindira pambali. Sipanala ya 10 ndi mphindi ziwiri zakwana. Lachinayi apongozi akwere chapa, minibasi zathu zija, kapena mupemphe mnansi. Galimoto yomwe paipi yake yanyowetsa chala ndi petulo siyenda, ngakhale kumsika kokha.

Ndagwira sipanala zaka 26, ndiye ndikuuzeni chifukwa chake ndikulimbikira chonchi. Galimoto zakale za kabuleta zija, petulo ankapita ku injini mwapang'onopang'ono, paipi ikabooka ankangodontha. Za masiku ano zili ndi pampu mu thanki yomwe imakankha petulo ndi mphamvu ya pafupifupi 3 bar, kuposa mpweya umene uli m'tayala la galimoto yanuyo. Mng'alu womwe lero ukungonyowetsa fumbi, tsiku lomwe udzatseguke petulo sadzadontha ayi, adzafayira ngati sipuleya yomwe mumapopera nayo kachewere. Ndiye pafupi pomwepo pali paipi ya utsi yochoka mu injini, imene imatentha koopsa mukamakwera mtunda ndi katundu, palinso mawaya a mapulagi ndi alitaneta. Kamoto kamodzi kokha kakwana. Mphamvu ija siitheratu mukazimitsa injini, imatsalira mu paipi kwa kanthawi. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Siikwera m'mwamba ngati utsi, imatsika pansi n'kumakwawa, ndipo imatha kukafika pa mbaula yomwe amayi asiya pakhonde.

Za mnyamata wanuyo, sindikumunyoza, nanenso ndinayambira pansi pa mtengo. Koma mufunseni kuti paipi yomwe akufuna kudulayo ndi ya chiyani. Pagalaja panga pafika galimoto zoikidwa paipi ya madzi, ya gasi wophikira, ngakhale ija yothiririra maluwa. Kunja imaoneka bwino. Mkati petulo amaidya, imafufuma, imafewa, pakatha masabata angapo imavuka pa kalampu galimoto ili pa liwiro. Paipi ya petulo wa pampu imakhala ndi ulusi wolukidwa mkati ndipo imalembedwa pathupi pake ntchito yake. Komanso pa galimoto zambiri za ku Japan, paipi imeneyi imabwera yokhota kale, ndi timitu tapulasitiki totsekera tomwe timalira kuti tha mukalowetsa. Mukadula timituto n'kumanga ndi kalampu wa pamsika, mwachotsa vuto limodzi n'kuika awiri, wina uku wina uku.

Chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi. Musakagule paipi kwa ophwasula galimoto. Anthu amathamangira kumeneko poti n'kotchipa ndipo amati ndi yoyambirira. Inde ndi yoyambirira, ndiye vuto lake limenelo. Ichokera pa galimoto ya mtundu womwewo, ya zaka zomwezo, yomwe mwina nayonso sinapite ku recall. Mugula matenda omwewo ndi ndalama zanu. Kampani ikaitanitsa galimoto imapanga chipangizo chokonzedwa, ndipo kawirikawiri chimakhala ndi nambala yakeyake yosiyana ndi chakale. Mphwanuyo abwererenso pa tsambalo, akopere nambala ya recall, afufuze nambala ya paipi yatsopano. Mukamaitanitsa, muziitanitsa ndi nambala imeneyo, osati kungotchula dzina la galimoto ndi chaka.

Poti boneti mwatsegula kale, tsegulaninso kabokosi ka mafyuzi. Galimoto yodutsa m'manja atatu imabisa zambiri. Mwa galimoto zopsa zomwe zakokeredwa pagalaja panga, zambiri sizinapse ndi vuto la kufakitale. Munthu fyuzi yapsa, waikapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Wina walumikiza sipika yaikulu kapena magetsi owonjezera molunjika ku batire popanda fyuzi, waya wadutsa pa chitsulo chakuthwa, wamangidwa ndi tepi yomwe dzuwa lathuli limaisungunula. Mukapeza zotere zichotsedwe tsiku lomwelo.

Nachisale, Matundo

Achimwene, mverani a Mestre. Ine galimoto inandipsera m'manja, ndikuyankhula zomwe maso anga anaona.

Munali mu Novembala 2019, tikuchokera kuchinkhoswe ku Zóbuè, ine, mng'ono wanga, ndi ana anga awiri kumbuyo. Dzuwa la kuno mukulidziwa, lija lopitirira madigiri 40, phula kumanyezimira ngati pathiridwa madzi. Titangodutsa Moatize ndinamva fungo ngati la jumbo yopsa, kenako kautsi koyera kopyapyala kanayamba kutuluka pampata wa boneti. Ndinaima pambali n'kuzimitsa injini. Apo ndinachita bwino. Koma kenako ndinayamba kufunafuna chikwama ndi mapepala a galimoto. Mng'ono wanga ndi amene anakuwa kuti, "Achemwali, ana!" Zitseko zakumbuyo zinali pa loko uja woti ana asatsegule mkati, ndiye wamkulu ankangokoka chogwirira chitseko osatseguka. Ndinazungulira n'kutsegulira kunja. Wamng'ono anali m'tulo, lamba atamupiringiza, manja anga akunjenjemera osatha kukanikiza kabatani kofiira kaja. Mpaka lero ndikamamanga mwana lamba ndimakumbukira kabatani kameneko.

Titatuluka, anyamata a njinga zamoto anathamangira kudzathandiza. Mmodzi, ndi mtima wabwino ndithu, anakweza boneti yonse. Moto womwe unkangonyeka pansi unadumpha kamodzi n'kamodzi mpaka kumuwaula nsidze ndi tsitsi la patsogolo. Unali kusowa mpweya, iye anaupatsa. Chozimitsira moto ndinali nacho, koma chinali kubuti, pansi pa thumba la makala ndi dengu la tomato zomwe tinagula m'njira. Atachitulutsa, singano yake inali pa zofiira. Chinangotsokomola kawiri, ufa pang'ono, basi. Wina anabwera ndi chigubu cha madzi n'kuthira, moto unangoyenda pamwamba pa madziwo kutsikira m'phula. Pasanathe nthawi matayala anayamba kuphulika limodzilimodzi, ife titaima patali, ana atandikakamira pachitenje. Chinatsala chigoba chokha, chotuwa. Seguro yanga, inshuwalansi ya galimoto, inali ija yokakamiza, yolipira munthu amene wamugunda, ndiye sindinalandire ngakhale metical imodzi. Ngongole ya galimotoyo ndinapitiriza kubweza chaka china chathunthu ndikukwera chapa.

Ife a chigawo chino petulo timamudziwa. Pa 17 Novembala 2016 ku Caphiridzange galimoto ya thanki yonyamula mafuta inaphulika, anthu oposa 70 anafa, ena anakafera kuchipatala masiku otsatira, ndipo kuno ku Tete ambiri tili ndi wina amene tinkamudziwa kapena kumumva. Ndikamva kuti zenera la ana lili pamwamba pa paipi yonyowa, thupi langa likuchita tsembwe. Ine ndinapulumutsa anga chifukwa unali usana, tinali maso, tinali akuluakulu awiri. Inu zingakuchitikireni pakati pa usiku, pansi pa malata.

Ikadzakonzedwa, gulani chozimitsira moto cha ufa, muchimangirire pansi pa mpando wakutsogolo pomwe dzanja lifika. Mwezi uliwonse muziyang'ana ngati singano ili pa zobiriwira, muzichitembenuza n'kuchigwedeza kuti ufa usaumbike. Utsi ukatuluka, anthu atuluke kaye, akaime kutali. Boneti muzingokoka kachingwe ka mkati kuti itseguke kampata, n'kupopera pampatapo. Zikakanika zisiyeni zipse.

Bambo Jere, Tsangano

Akulu anga, funso lanu loyamba silinayankhidwe, ndiye ndiyeseko. Ndinakhala ku Joni zaka 14 ndikuyendetsa galimoto zonyamula katundu, ndipo nkhani ya Ford Kuga inachitika ndili komweko. M'chaka cha 2016 galimoto zimenezi, za injini ya 1.6, zinkapsa m'misewu ya South Africa, anthu n'kumajambula pafoni n'kuika pa Facebook. Eni ake anadandaula miyezi yambiri. Mu Januwale 2017 Ford inaitanitsa galimoto 4,556 zopangidwa pakati pa Disembala 2012 ndi Febuluwale 2014. Chifukwa chake anafotokoza eni kampani: madzi oziziritsa injini sankazungulira bwino, mutu wa injini unkatentha mpaka kung'aluka, oyilo n'kutayikira pa zitsulo zotentha. Mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira chindapusa cha R35 miliyoni itagwirizana ndi National Consumer Commission, bungwe la boma la kumeneko loteteza ogula. Ndikutchula izi chifukwa galimoto za ku Joni zimalowa kwathu kuno nthawi zonse, ndipo amene ali ndi ya zaka zimenezo ayenera kufunsa ngati inakonzedwa.

Chomwe ndinaphunzira nthawi imeneyo n'chakuti recall imatsata nambala ya chasisi, siitsata dzina la munthu. Wogula kwa mnzake amakonzeredwa ulele chimodzimodzi ndi amene anaigula ili ndi mapepala pamipando. Koma ndisakunamizeni. Zimenezi zimayenda mosavuta galimoto ikakhala m'dziko lomwe inagulitsidwa. Yanu anaiitanitsa ku Japan, motsata malamulo a ku Japan, kalata inapita ku adiresi ya mwini wake wa kumeneko, mwina galimoto ili kale m'sitima panyanja. Ogulitsa a kuno amasunga mbiri ya galimoto zomwe zinadzera mwa iwo. Tayang'anani nambala yanu ya chasisi. Galimoto zopangidwira kugulitsidwa kunja zimakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17. Zopangidwira msika wa mu Japan momwemo zimakhala ndi yaifupi, zilembo za mtundu wa galimoto, kamzere, kenako manambala. Nambala yaifupiyi makompyuta a ogulitsa ena saizindikira. Ndiye munthu wa pafoni akati sakuiona, n'kutheka akunena zoona.

Komabe musasiyire pafoni, foni ilibe umboni. Lembani kalata m'Chipwitikizi. Muikemo nambala ya chasisi, nambala ya recall, chithunzi cha tsamba lomwe mphwanu anapeza, chithunzi cha paipi yong'alukayo ndi fotokope ya livrete. Mphwanuyo akaipereke pamanja ku Tete, imodzi amudindire chidindo ndi tsiku, abwere nayo. Kalata yomweyo m'Chingerezi muitumize pa imelo ku likulu la kampani ku Japan. Ndipo pempho lanu muligawe pawiri: choyamba paipi yokonzedwa, chachiwiri ntchito yoiika. Mukangoti ndikonzereni ulele, n'kosavuta kukuyankhani kuti ayi kamodzi. Mukagawa, angakane ntchito koma n'kukupatsani paipi, kapena n'kukuuzani nambala yake yeniyeni ndi kukuitanitsirani. Nambala yokhayo ndi chuma kale, monga anenera a Mestre.

Musaiwalenso kuti inu a ku Ulongwe, Lilongwe ili pafupi kuposa Tete. Mukadutsa pa malire a Calómuè n'kulowa Dedza, mwatsala pang'ono kufika, pomwe Tete ndi makilomita opitirira 200. Ku Malawi galimoto za ku Japan zadzaza, ndipo oitanitsa zipangizo ndi nambala alipo ambiri. Mupite pa basi, nambala ili m'thumba, galimoto itsale pabwalo.

Kwa ena amene mukuwerenga, musaganize kuti galimoto yozimitsidwa siipsa. Mu Seputembala 2023 ku America, Hyundai ndi Kia anaitanitsa galimoto zopitirira 3.3 miliyoni, ndipo eni ake anauzidwa kuti aziimika panja, kutali ndi nyumba, mpaka zitakonzedwa. Kabokosi koyendetsa mabuleki a ABS kamakhala ndi magetsi ngakhale kiyi ili m'thumba, ndiye mafuta a mabuleki akalowa mkati mwake magetsi amagundana n'kuyambitsa moto. Toyota nayo mu Seputembala 2018 inaitanitsa galimoto zopitirira 1 miliyoni, zambiri za Prius, chifukwa cha mawaya a mu injini omwe ankakhulika n'kusupuka, ndipo zoposa theka zinali mu Japan momwemo, komwe ife timagula. Palibe mtundu wa galimoto womwe munganene kuti uwu wokha sukhudzidwa. Ine ya mkazi wanga ndinaifufuza chaka chatha, inatuluka yoyera, koma ndinagona bwino nditaona ndi maso.

Dalitso, Zóbuè

Madala, ine ntchito yanga ndi yogula ndi kugulitsa galimoto pamalire pano, ndiye ndinene zomwe ndimaona. Makalata a ku Japan amenewa angakutengereni miyezi, galimoto ili chiimire, batire ikutha, matayala akuuma, mbewa zikudya mawaya. Kachewere wanu adzanyamula ndani? Mayi akunena zoona. Lolani mnyamatayo aike paipi, muitsuke bwino injini, mubwere nayo kuno Loweruka, ogula alipo, mutenge ndalama muwonjezere pang'ono mugule ina. Galimoto iliyonse yakale ili ndi kanthu kake, ndipo wogula aliyense amadziwa kuti akugula yakale. Inunso amene anakugulitsani sanakuuzeni za recall. Sindikunena kuti munamize munthu, akakufunsani mumuuze. Koma munthu wa banja sangaimike galimoto miyezi itatu chifukwa cha tsamba la pa intaneti.

Nachisale, Matundo

A Dalitso, ayi. Amene anawagulitsa achimwenewa sankadziwa, iwowa akudziwa, chala chawo chanunkha petulo. Kutsuka injini kuti fungo lichoke n'kudikira kuti wogula afunse funso lomwe sangalidziwe, kumeneko n'kunamiza ndithu. Wogulayo akaiimika pansi pa zenera la ana ake, kapena aisandutsa takisi, adzanyamule mayi anu kuchokera ku Zóbuè. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Akafuna kugulitsa agulitse itakonzedwa, apereke ndi lisiti la paipi yatsopano, kapena amuuze wogula zonse asanawerenge ndalama, aikoke ndi chingwe. Ndipo inu amene galimoto zambiri zimadutsa m'manja mwanu, ndinu woyamba amene mukanamafufuza manambala amenewa. Foni muli nayo.

Bambo a Tadala, Ulongwe

Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso kudzakuuzani pomwe zafika.

Usiku womwe a Mestre analemba, ine, Mayi a Tadala ndi mnansi wathu tinaikankha mpaka pakati pa bwalo, pafupi ndi chulu, n'kumasula batire. M'mawa nditapita mu shedi ndinaona pansi pomwe pankakhala injini pali kabanga kakuda kokula ngati chivundikiro cha poto, dothi lake lonunkha. Miyezi yonseyi tayala linkandibisira. Ndinakumba dothilo n'kukalitaya kudzala. Mbaula ya mayi usiku uliwonse inkagona masitepe anayi kuchokera pamenepo. Uthenga wanu, achemwali a ku Matundo, ndinawawerengera mayi mokweza, ndipo titafika pa kabatani kofiira sanathe kumvetsera mpaka kumapeto. Zogulitsa sakuzinenanso.

Apongozi anapita kuchipatala pa galimoto ya mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwathu, ndinangomuthirira mafuta. Kachewere wotsala ndagwirizana ndi mwini ngolo, zitenga maulendo atatu m'malo mwa tsiku limodzi, palibe kanthu.

Kalata tinalemba monga munanenera, Bambo Jere. Mphwanga anaipereka, anamudindira. Mayi amene anailandira atangoona chithunzi cha paipi anaitana mkulu wa galaja, ndipo mkuluyo anamulembera papepala manambala awiri, ya paipi yakale ndi ya yatsopano. Zikusiyana manambala awiri akumapeto okha. A Mestre munanena zoona, ndikanapita kwa ophwasula ndikanabwera ndi yakaleyo. Zaulere sanalonjeze, akuti yankho lichokere ku Maputo. Sindidikira. Lachiwiri ndikukwera basi ya ku Lilongwe, kuli sitolo yomwe yati ikhoza kuitanitsa ndi nambalayo, ifike m'masabata atatu, mtengo wake ukasinthidwa ndi pafupifupi 6,000 meticais. Lisiti ndisunga, kampani ikadzayankha ndidzaipempha kuti indibwezere.

Ndinaimbiranso bambo amene anandigulitsa. Anadzidzimuka, ndipo anandiuza kuti galimotozi zinabwera ziwiri, inayo ili ndi mlamu wake ku Furancungo, amanyamulira ana asukulu. Nambala yake anatumiza usiku womwewo, mphwanga anafufuza, nayonso sinakonzedwe. Aiimika.

M'kabokosi ka mafyuzi ndinapezamo kawaya kamkuwa m'malo mwa fyuzi imodzi, ndachotsa. Funso lotsala, a Mestre: paipi ikafika, mnyamata wanga uja angathe kuiika, kapena ndikulipirireni ulendo mubwere kuno?

Mestre Phiri, Moatize

Angathe, si ntchito yaikulu, koma mukhale pomwepo. Agwire m'mawa injini ili yozizira, panja, pasakhale wosuta fodya kapena moto pafupi, chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga ili pambali. Batire ikhale yomasula. Asanavule paipi yakale akulunge kansalu pamutu pake, chifukwa petulo wotsalira angamufayire m'maso. Timitu tapulasitiki atikanikize ndi zala, asatitokose ndi sikuludiraiva, ndipo yatsopano ailowetse mpaka imveke kulira, kenako aikoke pang'ono aone ngati yagwira. Timapulasitiki togwirizira paipi kuti isakhudze zitsulo atibwezere tonse. Mukabwezera batire, mutembenuze kiyi katatu osaliza injini, pampu idzaze paipi, mupukute ndi pepala loyera mbali zonse ziwiri. Pepala likatuluka louma ndiye mulize, muyang'anenso patatha mphindi khumi, ndi mawa lake m'mawa.

Paipi yakaleyo musataye, muisunge m'jumbo pamodzi ndi lisiti, ndi umboni wanu. Mukafika pamenepo munditumizire chithunzi, ndipo nambala yatsopanoyo mupatsenso a ku Furancungo, muitanitse ziwiri ulendo umodzi.